Mbala Imene Inawotcha Dazi la a Kadzuwa

Mwambi uwu unayamba motere, Yankho mwana wanga, ndipo utchere khutu, chifukwa wamuliza mlongo wako Mwatipa pomunena kuti wakubera mtedza, chonsecho thumba la kabudula wako ndi lobooka. Pukuta misozi, Mwatipa mama. Khalani apa nonse.

Pamsika wa kwathu panali nyumba ya mashopu awiri, denga limodzi, khoma lapakati limodzi, koma shopu iliyonse ndi mita yake ya magetsi. Mbali ina ankasokeramo a Kadzuwa, telala wa dazi lonyezimira, amene anasoka diresi ya ukwati ya amayi anu. Mbali inayo ankagulitsiramo zitenje Nangondo, mayi wamasiye wosachulutsa mawu. Shopu ya a Kadzuwa inalibe zenera, choncho ankayatsa mababu asanu ndi atatu kuyambira m'mawa mpaka poweruka, mababu akale aja otentha ngati mbaula. Ankasoka thukuta lili kamukamu, kathaulo kali pakhosi.

Vuto linali mayunitsi a magetsi. Akagula Lolemba, pofika Lachisanu mdima uli bii, singano ili pakati pa nsalu. Kawiri konse anasokerera mkono wa malaya chozondotsa, ndipo sukulu ina imene inkawasoketsa yunifolomu inayamba kuyang'ana telala wina. Koma kwa Nangondo kunali ngwee mwezi wonse, maluwa a pazitenje akuoneka onse, azimayi akulowa ndi kutuluka.

A Kadzuwa anakhala pansi n'kuyamba kusinkhasinkha. Makina awo ndi opalasa ndi miyendo. Simbi ndi ya makala. Wailesi alibe. Nanga magetsi akudya ndani? Mababu sanawaganizire n'komwe, poti anawapeza m'shopumo ndipo anali asanawalakwirepo. Maso awo anatera pakhoma lapakati.

Tsiku lina analowa kwa Nangondo ngati ofuna kuona nsalu, n'kufunsa mozungulira kuti mayunitsi amagula kangati pamwezi. Nangondo anayankha kuti kamodzi, nthawi zina amatsalako. Anafotokoza kuti anachotsa mababu akale n'kuikamo a LED, okwererapo mtengo pogula koma odya pang'ono, ndipo chiwaikireni palibe limene lapsa. Kenaka anawapatsa mpando kuti akwere, aligwire okha babu loyaka. A Kadzuwa analigwira mwamantha, n'kulifumbata ndithu. Silinawawotche.

Anatsika nkhope itasintha.

"Mayi, chowala chimatentha," anatero. "Moto umatentha, dzuwa limatentha, ngakhale koloboyi amatentha. Ngati kuno kukuwala koma sikukutentha, ndiye kuti kutenthako kukutsala kwina. Ndipo ndikudziwa kumene kukutsala."

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera kudzayezetsa ankauzidwa nkhani imodzi, yoti kudenga kuli waya wobisika, ndipo Nangondo akusefa magetsi a a Kadzuwa. Ufa woyera ukupita kwake, iwo akutsala ndi madeya, ndiye thukuta lonseli. Nkhani ya pamsika sichedwa kumera miyendo. Azimayi ena anayamba kulambalala shopu ya zitenje ija, ndipo mnzake wa kumpingo anasiya kumupatsa moni.

Nangondo anakadandaula kwa eni nyumba, a Matewere, amene anabwera Lachitatu, tsiku la msika, masana dzuwa lili paliwombo. Iwo anati aitane wodziwa zamagetsi, koma a Kadzuwa anakana, ati ameneyo akhoza kupatsidwa kachitenje n'kutseka pakamwa. Akwera okha.

"Ndikaupeza wayawo, mayiwa asamuke," anatero pamaso pa anthu. "Ndikapanda kuupeza, ndisamuke ine ndi makina anga."

"Mwanena nokha, a Kadzuwa," anatero a Matewere. "Ine ndangomva."

A Kadzuwa anaimika makwerero m'shopu mwawo, n'kulowa pa kachibowo ka siling'i, mababu onse akuyaka kuti aone bwino potsika. Pansi anthu anadzaza mpaka pakhonde. Kunamveka kukwawa, kutsokomola, kenaka mileme iwiri inatuluka. Patapita kanthawi anakuwa kuti aupeza, n'kuyamba kukoka chinthu chachitali. Atachiponya pansi, anthu anaona kuti ndi tepi yoyezera, yodyekadyeka ndi makoswe. Inali tepi yomwe ija inasowa chaka chatha, imene a Kadzuwa anayambana nayo ndi mlamu wawo pomunena kuti waba. Mlamuyo anali pagulu pomwepo. Anangoitola n'kuikoleka m'khosi.

A Kadzuwa anakwawabe kulowera mbali ya Nangondo. Siling'i ya kumeneko inali yofuka, ndipo mwendo wawo unatulukira m'shopu ya zitenje, nsapato n'kugwera pa kauntala. Nangondo anaitola, n'kuipukuta, n'kuisunga. Waya wakuba panalibe. Wa shopu iyi unkapita ku mita yake, wa shopu iyo ku mita yake.

Potsika, ali fumbi lokhalokha, anaweramuka pamakwerero, dazi n'kukhudza babu limene linali litayaka kuyambira m'mawa. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kwa ogulitsa tomato.

Ali pansi akuthira madzi pamutu, Nangondo anawaitana kuti adzaone mita yawo. Kanyali kofiira ka pamita kankaphethira mofulumira ngati mtima wa nkhuku. Iye anazimitsa mababu aja, kanyali kanaima. Anagulula babu limodzi ataligwira ndi kathaulo, n'kuikapo lake la LED, n'kuyatsa lokhalo. M'shopu munawala, koma kanyali kanakhala nthawi yaitali kasanaphethire. Kusukulu ya usiku aphunzitsi athu anatiuza chifukwa chake: babu lakale, magetsi ambiri amene limadya limawasandutsa kutentha, kuwala n'kochepa chabe. A Kadzuwa zaka zonsezo ankagulira mayunitsi thukuta lawo lomwe.

A Matewere anakumbutsa kuti mawu ananenedwa pagulu. A Kadzuwa sanatsutse. Anayamba kumasula lamba wa makina mokhumudwa, poti m'shopu imeneyo ndi mmene ankadyera ana awo asanu.

"Asiyeni, bambo," anatero Nangondo. "Akachoka, ogula zitenje zanga azikasoketsa kuti? Angondikonzera siling'i, ndipo pakamwa pamene pananditcha mbala pakanenenso kumsika kuti mbala yapezeka, ndi ya galasi."

A Kadzuwa anakanenadi kumsika, nsapato imodzi ili m'manja, pamutu atamatapo kansalu. Mababu anasintha awiriawiri mmene ndalama inkapezekera. Mayunitsi anayamba kufika kumapeto a mwezi, kathaulo kanachoka pakhosi, ndipo sukulu ija inabwerera. Koma kachipsera kozungulira kanatsala padazi mpaka lero.

Tsono Yankho, pepesa mlongo wako, ukatenge singano kwa amayi ako, thumbalo tisokere limodzi. Ukadzakula udzakhala ndi shopu yako, ndikukhulupirira, ndipo zikadzayamba kusowa, udzayambe wayang'ana m'mwamba mwako usanaloze khomo la mnzako. Paja kwathu amati: anasaka mbala kudenga, mbala ikumuwotcha dazi.