Waya Wofiira wa Bambo Garbutt

Mundikhululukire. Sindinalembepo china koposa makalata a kalabu yathu, ndipo ndime ino yokha ndaifufuta kanayi. Koma za malemu Wilf Garbutt wina ayenera kulemba, ndipo odziwa kulembawo angoti zii.

Bambo Garbutt sankalola galimoto kutuluka pamsasa wathu wa ku Filey asanaione kumbuyo. Tonse ndife okalamba oyenda m'magalimoto ogonamo, aliyense akukoka kagalimoto kopitira kugolosale. Nyali za kagalimotoko ziyenera kumvera yaikuluyo: ukaponda buleki kafiire, ukakhotera kumanja kaphethire kumanja. Mawaya amenewa ndiwo anali chipembedzo chawo. Banja lina analithamangitsa panjinga mpaka m'tauni chifukwa cha babu limodzi lakufa.

Pambali pawo sipankasowa akazi awo, Mayi Enid, atanyamula mawaya.

"Enid, wa buleki!"

"Nawu."

"Wa kumanja!"

"Nawu."

Akatero mayiwo ankakaima kumbuyo, mvula kaya mphepo.

"Yayaka?"

"Yayaka."

"Iti?"

"Yomwe mwayatsayo, Wilf! Ndavumbwa ine!"

Bambo Clive Postgate, apampando athu, sankapirira. "A Wilf, kodi ndi kuchimbudzi komwe pepala amakupatsirani ndi mayiwa?" Tinkaseka mpaka tiyi kutayika. Mayi Enid ankangokulunga mawaya awo.

Chaka chatha mayiwo anagonekedwa m'chipatala, opaleshoni ya chiuno. Sabata yomweyo a Postgate anabwera ndi kagalimoto katsopano.

"Tidikire Enid atuluke," anatero Bambo Garbutt.

"Aa, katswiri yense uja? Popanda namwino wanu manja sagwira?"

Anthu anali atazungulira. Bambo Garbutt anagwada, nalumikiza okha. Ataitana wokaima kumbuyo, a Postgate anali ataliza kale injini. Pamtsetse wolowera m'tauni anaponda buleki, kagalimoto kumbuyo nkuyatsa indiketa ya kumanja, nyali za buleki osayaka. Vani ya buledi inangolowamo, phwa! Palibe anavulala, koma kagalimotoko kanapindika ngati chitini cha nsomba.

Komiti inakhala pansi. Kalata yowaletsa kugwiranso waya wa munthu aliyense pamsasa ndinalemba ndine, ndipo ndinaiwerenga katatu kuti musapezeke cholakwa. Dzina linatuluka tsiku lomwelo: Bambo Kumanja. Akamadutsa, amuna aimvi zawo ankatambasula mkono wamanja nkumaphethira diso.

Mayi Enid anatuluka m'chipatala napeza bokosi la zipangizo lili pansi pa bedi.

"Auzeni zoona, Wilf."

"Ndiwauze kuti zaka makumi atatu zonsezi maso anali ako?"

"Nanga ndi tchimo?"

"Bola andiseke kuti ndinalakwitsa kamodzi."

Bambo Garbutt anamwalira m'Malichi, asanabwerenso kumsasa. Zimene anakambiranazi mayiwo anandiuza patsiku la maliro, tikudya masangweji. Mupulagi yolumikizira nyali za kagalimoto, waya wa buleki ndi wofiira, wa kumanja ndi wobiriwira. Kwa Bambo Garbutt, chibadwire, mitundu iwiriyi inali umodzi. Zina zonse ankazidziwa kuposa wina aliyense.

"Bwanji sananene, mayi?"

"Munafunsa, a mlembi? Inu munangolemba. Kalata yokongola ndithu. Anaisunga m'bokosi momwemo."

A Postgate anayankhula bwino kumanda. Anati tataya mmisiri.

Pageti tsopano palibe woimitsa munthu, timatuluka msanga. Lamlungu lapitali ndinawerenga timagalimoto tisanu tikutuluka ndi diso limodzi, kamodzi ka apampando. Palibe anathamangira njinga.

Mayi Enid amabwerabe. Amalumikiza okha mawaya, mosachedwa. Kenako amatsindira buleki ndi ambulera, nkutsika pang'onopang'ono ndi chiuno chawo chija, kuzungulira mpaka kumbuyo kukaona. Lamlungu lomwelo ambulera inaterereka kawiri, iwo kawiri konse kubwerera. Ife tinkaonera m'mawindo, makapu ali m'manja. Inenso ndinali pawindo langa.

Loweruka likudzali ndikaima kumbuyo kwa kagalimoto kawo, kugwe mvula kaya ayi. Akaponda buleki ndikakuwa kuti yayaka, ndi a Postgate omwe amve.