A Mphindi ndi Wakuba wa Sabata

A Mphindi ankawerenga nthawi yawo yopuma monga ena amawerengera nkhuku zikamalowa m'khola. Mumsewu monse muja palibe amene sankadziwa zimenezo, moti dzina lawo lenileni linangotsalira pa chitupa.

Kwa zaka makumi atatu anali mlembi wa pachipata cha fakitale ya sopo, kulemba nthawi imene antchito alowera ndi imene atulukira. Tsiku lopuma pantchito mabwana anawapatsa wotchi ya pamkono, ngati kuti munthu amene alibenso kochedwera ndiye amafuna wotchi. Anafika nayo kunyumba, anakhala pampando, n'kuiyang'anitsitsa mpaka akazi awo anafunsa ngati yafa kale. M'mawa mwake anakagula kope, lula ndi zolembera ziwiri, chobiriwira ndi chofiira.

Tsamba lililonse linali sabata imodzi, yogawidwa mizere isanu ndi iwiri. Ankachotsapo nthawi yogona, yodya, yosamba ndi yotumidwa ndi akazi awo. Yotsalayo ankaitcha "yangayanga", ndipo ankaitsata kulikonse kumene yalowera.

Amene ankamva zonsezi, afune asafune, anali telala. Kachipinda kake kanali pakati pa kometera ndi kokonzera mafoni, kopapatiza moti akatambasula nsalu mbali ina inkatulukira pakhomo. Pakhonde anaikapo benchi la makasitomala. Lolemba lililonse, nthawi ikangokwana teni, a Mphindi ankafika, kupukuta benchilo ndi mpango, kukhala, n'kutsegula kope.

"Achimwene, imitsani makina. Sabata yathayi ndinali ndi maola 38 angaanga. Kufunafuna magalasi, maola awiri ndi mphindi khumi."

"Anali kuti?" telala ankafunsa, mapini ali pakamwa.

"Ndinawakhalira. Musandidule. Kudikira kuti madzi awire, mphindi makumi asanu. Kumvera alamu anu akufotokoza maloto awo, ola limodzi ndi theka. Kuyang'ana khoma, maola anayi."

"Khoma lachita chiyani?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndimalikonda."

Pomaliza ankatulutsa cholembera chofiira n'kulengeza wakuba wa sabata, ndiye kuti munthu amene wawadyera nthawi yambiri kuposa onse. Woyamba kulandira udindowu anali mchimwene wa akazi awo, amene anabwera kudzangopereka moni n'kukhala masiku anayi.

"Amati mlendo ndi mame," anatero a Mphindi. "Awa anali mame ofunika chikolopa."

Iwo ankaganiza kuti anthu achita manyazi. Manyazi ake ati? Anthu anayamba kupikisana. Wokonza mafoni ankawaimitsa panjira n'kuwafunsa za umoyo wa abale awo mmodzimmodzi, mpaka a ku chikazi. Wometa ndiye anaposa onse. A Mphindi anali ndi dazi loyambira pamphumi mpaka kunkhongo, koma tsiku lina anakhala pampando wometera ola lathunthu ndi mphindi khumi.

"Mutu wopanda tsitsi, ola lonse?" anakalipa.

"Ndimalifunafuna, bambo," anayankha wometa. "Kufuna n'kovuta kuposa kumeta."

Lolemba lotsatira wometa anapambana, ndipo anapempha kuti amulembere pa kapepala. Anakamata pagalasi, pambali pa zithunzi za mameto.

Koma mwini wake wa udindowu anali telala. Pa chaka chimodzi chokha anaulandira maulendo makumi atatu ndi umodzi, chifukwa a Mphindi akamaliza kuwerenga sankanyamuka. Ankatsutsana za mvula, za mpira, za ngati nsomba zimagona, mpaka dzuwa kupendeka. Telala ankadandaula chaka ndi chaka.

"Mwabwera nokha ndi miyendo yanu, mwakhala nokha pa benchi langa. Wakuba ndikhale ine?"

"Wakuba wochenjera sathyola chitseko, achimwene. Amaika benchi."

Tsiku lina akazi a a Mphindi analipeza kope lija pansi pa mtsamiro. Anatulukira kwa telala akulikupiza ngati chokupizira moto, amuna awo akutsata pambuyo mwakachetechete.

"Alamu, tatiweruzani. Zaka zonsezi ndikuwachapira, ndikuwasitira, taonani zimene andilemba. 'Phokoso, maola asanu ndi limodzi.' Ineyo ndine phokoso?"

"Sindinatchule dzina," anatero a Mphindi.

"M'nyumba muja tilimo angati?"

Telala anayang'ana ulusi, anayang'ana singano, n'kunena kuti iye amangodziwa zosoka. Mayiwo analumbira kuti sabata yonse sadzatulutsa liwu ngakhale limodzi, kuti bambowo akhute nthawi yawo. Anasungadi lumbirolo. Chakudya ankangochiika patebulo, madzi osamba ankangoloza ndi chala.

Lolemba a Mphindi anafika nkhope itagwa.

"Kudikira kuti alamu anu ayankhule, maola khumi ndi anayi," anawerenga motsitsa mawu. "Kutsokomola dala kuti mwina andifunsa, mphindi makumi anayi. Kugwetsa supuni dala, kasanu. Wakuba wa sabata ndi iwo omwe. Akayankhula amaba, akakhala chete amaba kawiri."

Kenako kunabwera Loweruka lotchuka lija. A Mphindi analengeza kuti akufuna aone, kamodzi kokha pamoyo wawo, tsiku lathunthu lopanda wakuba. Akazi awo anawatumiza kwa mwana wawo wamkazi. Foni anaizimitsa n'kuiika mu nsapato. Pachitseko anamatapo pepala la zilembo zikuluzikulu loti aliyense abwerere. Msewu wonse unamvera.

Nthawi itakwana folo madzulo, telala anangoona munthu waima pakhomo pake, mpweya uli m'mwamba.

"Ndiye inu osabwera n'komwe kudzandiona? Bwanji ndikanakomoka?"

"Munalemba nokha kuti tisabwere."

"Ndiye mumangomvera chilichonse cholembedwa?"

Kope linaulula zonse Lolemba. Kusuzumira pazenera kuona ngati kukubwera munthu, maola atatu. Kudabwa chifukwa chake sikukubwera munthu, maola awiri. Kukwiya, ola limodzi. Pamenepo telala anafunsa funso limene linkamuyabwa kwa zaka.

"Nanga nthawi yojambula mizereyi, yolemba ndi yowonkhetsa, mumaiika pati?"

A Mphindi anawerengera pa zala, anabwereza. Inakwana maola asanu. Sabata imeneyo anadzilemba okha ndi inki yofiira, ndipo akazi awo amati masiku awiri athunthu sankadziyang'ana pagalasi.

Matenda anabwera osagogoda. Lolemba lina anafika mochedwa ndi mphindi makumi awiri, zimene zinali zisanachitikepo, ndipo anati msewu watalika. Sabata yotsatira anapumira kawiri panjira. Yachitatu anali m'chipatala, madokotala akuti mtima watopa.

Telala anatseka kachipinda kake Lolemba masana n'kupita kukawaona. Anawapeza atatsamira mapilo awiri, wotchi itatsetsereka mpaka pachigongono. Kope linali pachifuwa, koma mizere yake inali yokhotakhota.

"Mwabwera bwino, pali mlandu," anatero. "Nthawi ya muno ndi yangayanga kapena ndi ya madokotala? Sindikugwira ntchito, alamu anu sakundituma. Ndiye kuti yonse ndi yanga. Sindinalemerepo chonchi."

"Mwaigwiritsa ntchito yanji?"

"Kuyang'ana denga, maola 61. Denga si khoma, achimwene. Khoma mumayang'anizana nalo ngati amuna. Denga limakuyang'anira pansi."

"Nanga wakuba wa sabata?"

A Mphindi anatembenuza cholembera chofiira m'zala, osachitsegula.

"Sindinamuone nkhope. Uyu satola mphindimphindi ngati inu. Akunyamula ndi thumba lomwe."

Telala anawauza kuti wometa wagula mpando watsopano umene umatsika wokha munthu akakhalapo. A Mphindi anaseka pang'ono, n'kutsokomola kwambiri. Namwino atabwera kudzanena kuti nthawi yoona odwala yatha, a Mphindi anakweza mkono, anakankhira wotchi pamalo pake n'kuiyang'ana.

"Mphindi makumi anayi zokha? Mwakalamba, achimwene. Kale munkaba tsiku lonse."

Anamwalira Lachinayi masana. Wometa ndiye anabweretsa uthenga. Anaima pakhomo atagwira chipeso, ananena, n'kudikira. Telala anali akuika zipi pa thalauza la munthu wina. Anati, "Chabwino," n'kupitiriza kupalasa makina. Anamaliza zipiyo, anaiyesa kukwera ndi kutsika, anadula ulusi. Kenako anatenga thalauza lina.

Kumanda anthu analira, wokonza mafoni mpaka kugwiridwa. Telala anaima pakati pawo akuyembekeza kuti nayenso zimufikire, monga munthu amayembekezera basi. Sizinafike. Maso ake ankangoona mapindiro a mathalauza a anthu: ili lalitali, ili linapindidwa ndi ulusi wosiyana mtundu, ili lasosoka kumbuyo. Anawerenga khumi ndi limodzi osokedwa molakwika. Pobwerera anadya bwinobwino, ndipo zimenezo zinamuchititsa manyazi pang'ono, koma manyaziwo nawonso anali ngati a munthu wina.

Patapita masabata awiri, mayi amasiye aja anabwera ndi kope latsopano.

"Alamu, ili anali atangoligula. Mizere anajambuliratu mpaka kumapeto a chaka. Ine sindingathe kulitaya, komanso sindikufuna kuliona. Muzilembamo miyeso ya anthu."

"Kunyumba kuli bwanji, alamu?"

"Kuli zii. Ndimayamba kuyankhula, kenako ndimakumbukira." Anakonza mpango wawo, anayang'ana msewu. "Maloto ndikulotabe. Owauza ndiye palibe."

Telala sanalembemo miyeso. Anaganiza zoyesa sabata imodzi yokha, aone ngati nayenso ali ndi nthawi yakeyake. Analibe wotchi, ndiye ankayang'ana pa foni. Lolemba analemba kuti, kukhala pamakina osasoka, maola awiri. Lachiwiri anafuna mawu ena oseketsa, oti munthu atawamva angafunse funso, koma sanawapeze, ndiye analemba kuti, kukhala. Lachitatu, kukhala. Lachinayi anapita kwa wometa. Wometa anamumeta mphindi zisanu ndi ziwiri, osayankhula, n'kumupukuta m'khosi. Lachisanu ndi Loweruka anangoika timizere tiwiri tosonyeza kuti n'chimodzimodzi. Lamlungu anawonkhetsa: maola 29. Anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Inali yolondola, ndipo sinamuuze kanthu. Anatseka kope n'kuliika m'kabati, pansi pa zidutswa za nsalu.

Msewu uja sunasinthe. Mashopu amatsegulidwa nthawi yake, magalimoto amadutsa, fumbi limakwera n'kutsika. Kungoti masiku ano anthu akakumana amapatsana moni wa mawu atatu n'kupitirira. Wokonza mafoni amagwira ntchito atatseka makutu ndi timawaya ta nyimbo. Aliyense amafika msanga kumene akupita.

Lachitatu lina m'mawa kunabwera mayi wina, mphunzitsi, amene anasiya nsalu ya diresi dzulo lake. Anali kasitomala wa zaka zambiri, ndipo anangopatukira kudzakumbutsa, podziwa kuti telala uyu akati Lachisanu amatanthauza Lachisanu la mwezi wamawa.

"Sindinabwere kudzatenga ayi, bambo. Ndangoti musaiwale, ukwati wake ndi wa pa 20."

Telala anaimirira, anatsitsa diresi pa hang'ala n'kulipereka. Linali losokedwa, lopindidwa, lositidwa, mabatani onse ali m'malo. Mayiyo analitembenuza uku ndi uku kufuna cholakwika, osachipeza. Kenako anakweza maso. Chingwe chonse cha kukhoma chinali chodzaza ndi zovala zomalizidwa, chilichonse ndi kapepala kake, eni ake asanayambe n'kuziyembekeza komwe. Dengu la nsalu zodikira linali lopanda kanthu.

"Zaka khumi ndi ziwiri simunandimalizirepo chovala pa nthawi yake," anatero mayiyo. "Mukudwala?"

"Ayi, mayi. Ndili bwino."

"Ndiye chachitika n'chiyani?"

"Ndimangosoka."

Mayiyo anaika diresi m'chikwama, anathokoza, n'kupita. Nthawi inali isanakwane leveni. Telala anatola timaulusi pansi, anathira mafuta m'makina ngakhale anali atathira kale dzulo, n'kuwavindikira ndi nsalu. Kuseri kwa khoma, wometa ankasesa pansi pomwe panalibe tsitsi. Telala anakhala pampando wake, anaika manja pamaondo, n'kuyamba kudikira kuti kunja kude.