Akaunti Imodzi, Anthu Awiri Amakani

Kwa Wolemekezeka Bwana Wamkulu,
Kampani Yopanga Pulogalamu Yophunzirira Baibulo pa Kompyuta,
Kulikonse kumene muli.

Bwana wanga,

Landirani moni wanga wa manja awiri. Mundikhululukire kuti munthu wamba ngati ine, amene ntchito yanga pa kompyuta ndi kuipukuta fumbi basi, ndalimba mtima kulembera munthu wozama ngati inu. Ndikanadzera kwa antchito anu olandira madandaulo, koma tikawalembera amangotithokoza chifukwa cha kudekha kwathu, kenako zii. Ndaona kuti kudekha kwathuko amakukonda kwambiri moti safuna kuti kuthe. Ndiye ndalemba poyera, mwina wina wokudziwani akuwerengerani.

Ine ndine mkazi wa kasitomala wanu wokhulupirika. Amuna anga anagwira ntchito moyo wawo wonse m'sitolo ya zitsulo, kusanja misomali ndi mabawuti m'zitini, yaing'ono payokha, yaikulu payokha. Atapuma pantchito, mpingo unawapatsa kalasi ya Baibulo ya Lachitatu. Tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, namwino pa chipatala china chakutali. Ndiye anawabweretsera laputopu n'kuwaikira pulogalamu yanu pa akaunti yake, poti bambo ake mapasiwedi sawakhala m'mutu. Kenako mwanayo anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mafiriji amene sapemphera mpingo wathu, ndipo bambo ake anakana kupita ku ukwati. Chiyambire pamenepo awiriwa salankhulana, ngakhale moni wa pafoni. Ine ndimalankhula ndi onse awiri, ndipo kunena zoona ndatopa.

Kachingwe kamodzi kokha kamene katsala pakati pawo, bwana, ndi pulogalamu yanuyi, ndipo sabata yatha munatitumizira uthenga wakuti mukufuna kukadula. Ndifika pamenepo. Ndiloleni ndiyambe ndi kuthokoza, poti ndi mmene tinaleredwera.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mabuku owonjezera amene mumalola munthu kudawuniloda: othirira ndemanga, otanthauzira mawu, mapu a mayiko akale, ndi ena amene sindidziwa ntchito yake. Zikomo makamaka chifukwa cha nzeru yanu yoti kamzere kobiriwira kaja, kosonyeza kuti buku likulowa, kazithamanga bwinobwino mpaka katatsala pang'ono kufika, kenako n'kuima nji. Ndaonapo amuna anga, munthu wa imvi zawo, ataima pawindo atanyamula laputopu m'mwamba ngati akuiyanika padzuwa. Buku likalowa, silioneka. Munthu atseke pulogalamu, atsegule, azimitse laputopu, ayatse, ndiye litulukira, koma lili pawiri. Akafufuta limodzi, onse awiri apita. Alaliki ambiri anayesa kuphunzitsa amuna anga kuugwira mtima n'kulephera, koma inu mwayesetsa, ngakhale mawu ena amene amatuluka m'chipinda muja sindingawalembe pano.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mafoda. Simunadziwe chimene munachita popatsa mafoda munthu amene anakalambira pa zitini za misomali. Lolemba amasanja. Lachiwiri amasanjanso, chifukwa usiku aganiza kuti buku la mapu silingakhale foda imodzi ndi buku la nyimbo. Lachitatu likafika, kalasi yonse imakhala duu kudikira aphunzitsi akusaka buku limene analisunga bwino kwambiri moti iwo eni sakulipeza. Amayi a m'kalasimo anayamba kubwera ndi zoluka zawo. Ndiye inu, mwa chifundo chanu, mukatulutsa apudeti mumamwaza zonse n'kuziyala motsatira alifabeti, kuti munthuyu asasowe chochita. Apa ndikuthokoza ndi mtima wonse, chifukwa asanapeze mafoda anu anali atayamba kundisanjira masupuni kukhitchini.

Chachitatu ndi vuto lanu lotchuka lija, lakuti anthu awiri akakhala pa akaunti imodzi, chimene wina wasintha kwake chimasinthanso kwa mnzake. Poyamba sitinadziwe. Amuna anga anatsegula laputopu m'mawa wina n'kupeza sikirini yada bii, zilembo zachepa ngati nyerere, mabuku awo a ndemanga za akuluakulu akale atsitsidwa pansi, pamwamba pakhala kabuku kena kamakono ka zithunzi. Mlandu unagwera ine ndi kansalu kanga kopukutira. Nditafunsa mwana pafoni, anaseka n'kunena kuti iyeyo amawerenga pa foni yake nthawi yopuma kuchipatala, ndipo amadabwa kuti ndani amamukuzira zilembo tsiku lililonse. Ndinawauza bambo ake. Anakoka mpando, anavala magalasi, n'kubweza chilichonse m'malo mwake, chimodzichimodzi, milomo itatseguka pang'ono ngati munthu wolowetsa ulusi pa singano.

Nkhondo inayambira pamenepo. Iwo akakuza zilembo, iye achepetsa. Iwo akakweza akuluakulu akale aja, iye awatsitsa. Iwo anatcha foda ina kuti "Chiphunzitso Choona", mawa lake inali itasanduka "Maganizo a Adadi". Tsiku lina anapaka utoto wofiira pa vesi lija lolamula ana kulemekeza makolo, n'kudzuka pampando akuyenda monyang'wa ngati awina mlandu. Kutacha, anapeza kuti vesi la pafupi pomwepo, lija lochenjeza abambo kuti asamapsetse mtima ana awo, lapakidwa chikasu chowala. Ndinali pakhomo ndi tsache, ndinawamva ndi makutu angawa akuseka. Atandiona anasandutsa chifuwa, n'kunena kuti makani a mwana ameneyu ndi akuchikazi.

Bwana, munthu amene ankati alibenso mwana, masiku ano sayamba tiyi asanatsegule laputopu kuti aone chimene mwanayo "waononga". Akapeza zasokonekera, amadandaula mokweza mpaka aneba kumva, nkhope ili ngwee. Akapeza palibe chasintha, tsiku lonse amangozungulira m'nyumba, kutsegula makabati n'kutseka, kenako n'kundifunsa ngati munthu wongocheza kuti kodi kumadera akutali kuja kwabuka matenda masiku ano. Ine ndimayankha kuti sindidziwa, foni ili apo.

Chachinayi, ndiyenera kukudziwitsani mwaulemu kuti pulogalamu yanu ndi yamiseche. Sisunga chinsinsi cha munthu. Amuna anga maso anayamba kuwavuta, koma ankabisa, ngakhale kwa ine amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Ndikawaona akusuzumira pafupi ankati ndi fumbi la pa sikirini, kutanthauza kuti sindipukuta bwino. Koma mwana kutali konseko ankaona zilembo zikukulirakulira, mpaka vesi limodzi kudzaza foni yake yonse. Namwino ndi namwino. Anasiya kuchepetsa zilembo. Patapita masiku, mu laputopu munatulukira chowonjezera china chowerenga mokweza, chija chokhala ndi mawu a bambo wina amene amawerenga ngati watsekeka mphuno n'kumapumira pakati pa mawu. Amuna anga anakalipa kuti iwo si akhungu, ndipo ameneyu awerengere anthu akwawo. Koma sanamufufute. Anamuika mu foda yotchedwa "Zofunika", mmene simulowa buku wamba, ndipo sabata yomweyo anavomera kuti ndiwaperekeze kwa dokotala wa maso, chinthu chimene ndinawapempha mpaka pakamwa kuuma.

Miseche yachiwiri ndi yomwe yandilembetsa kalatayi. Mwana wathu ndi woyembekezera. Anandiuza ine, n'kundilumbiritsa kuti bambo ake asamve kuchokera pakamwa panga, akafuna kudziwa za iye amuimbire okha. Ndinasunga, ngakhale nkhaniyo inkandiotcha pachifuwa. Koma pulogalamu yanu sinalumbire kwa munthu. M'mawa wina, pakati pa mapu ndi mabuku a ndemanga, panapezeka buku latsopano lotanthauzira mayina, ndipo m'katimo munali tizizindikiro pa mayina angapo, ena a ana aamuna, ena a ana aakazi. Amuna anga anawawerenga mayinawo limodzilimodzi. Kenako anandiitana n'kufunsa ngati pali chimene ndikufuna kuwauza. Ndinati afunse kompyuta yawo, poti ndi imene amacheza nayo. Anavula magalasi atsopano ochokera kwa dokotala uja n'kuyamba kuwapukuta, kupukuta, kupukutabe, chonsecho anali oyera kale. Ine ndinathawira kukhitchini.

Nditabwerako, anali atapanga foda yatsopano n'kuikamo buku la mayinalo lokhalokha. Foda imeneyi anaitcha "Za Mdzukulu". Ndinagwira mtima m'manja kudikira kuti mwana achita chiyani, chifukwa palibe foda ya bambo ake imene sanaisinthepo dzina. Iyi sanaikhudze dzina. Anangoikweza pamwamba pa zonse, pamwamba ngakhale pa akuluakulu akale aja, ndipo bambo ake anaisiya pomwepo. Panopa akukangana za dzina. Iwo amaika chizindikiro pa dzina lalitali lolemera pakamwa, iye amachotsa n'kuika pa lalifupi, iwo amabweza. Mkamwini wathu wa mafiriji uja ndikumva kuti nayenso ali ndi maganizo ake, ndipo dzana amuna anga anafunsa, maso ali kwina, ngati mnyamatayo amadziwadi ntchito yake, poti firiji yathu yayamba kulira.

Ndiye pakati pa zonsezi pafika uthenga wanu, wokongoletsedwa ndi nyenyezi, wakuti mwamva kulira kwa makasitomala, ndipo mu apudeti ikubwerayi chipangizo chilichonse chizisunga makonzedwe akeake, vuto la kusakanikirana latheratu. Amuna anga anauwerenga kawiri, n'kunena kuti zakhala bwino, apumeko ku chipwirikiti cha mwana wosamva. Chakudya cha masana sanachikhudze. Madzulo ake mwana anandiimbira, tinakamba za miyendo yake yotupa ndi za mitengo ya matewera, ndipo pomaliza anafunsa ndi mawu aang'ono ngati laputopu ya adadi imadziikira yokha ma apudeti. Ndinayankha kuti inde, poti ndi iye mwini anaitchera choncho.

Mwina mukudabwa kuti bwanji mmodzi sangotenga foni. Nanenso ndimadabwa, bwana, ndipo ndakhala nawo anthu amenewa nthawi yaitali kuposa inu. Onse awiri anaumbidwa ndi dothi limodzi, aliyense akudikira kuti ayambe ndi mnzake. Koma ayandikira. Nambala ya mwana ndinailemba ndi zilembo zazikulu n'kuimata pa khoma pafupi ndi tebulo lawo, ndipo sanaichotse, angoiwongola kuti isapendekeke. Akufunika miyezi yochepa chabe, ndipo njira yokha imene amadziwa kuyankhulirana popanda wina kugonja ndi kusokonezerana mafoda.

Nchifukwa chake ndagwada pamaso panu ndi pempho laling'ono, losafuna khobidi kapena thukuta. Zaka zonsezi takhala tikukuuzani zovuta za pulogalamu yanu, ndipo inu mwazisunga zonse mosamala, osataya ngakhale chimodzi. Kukhulupirika kotereku n'kosowa masiku ano. Nanga lero mwadzuka ndi mphamvu zochokera kuti, ndipo bwanji pa zovuta zonse zimene muli nazo mwasankha kukonza chokhacho chimene chikugwira ntchito? Mukakonza, amuna anga adzatsegula laputopu m'mawa n'kupeza chilichonse chili bwinobwino pamalo pamene anachisiya, mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, ndipo ine sindikudziwa kuti ndidzawauza chiyani.

Choncho, bwana, sindikukupemphani zachilendo. Antchito anu amene agwidwa ndi changu chimenechi apatseni tchuthi, atopa. Vuto ili lisiyeni mmene lilili mpaka mdzukulu wanga abadwe ndi kupatsidwa dzina, ndipo agogo ake amve kulira kwake pafoni imene aimba okha. Ndikudziwa kuti kusiya chinthu chosakonza kwa miyezi ingapo sikungakuvuteni, chifukwa pa luso limeneli palibe kampani yokuposani.

Ndine wanu wogonjera, wokhala pakati pa awiriwa,

Mkazi wa Aphunzitsi a Lachitatu,
amenenso ndi amake Namwino.