Boganiviliya ya mayi Asiyatu

Zipsera za m'mikono zinapola kalekale, koma ndikaona duwa lofiira pampanda ndimalambalala.

Ine kwathu ndi ku Chinguluwe, kumene mwana amadziwa kutsegula ngalande ya mpunga asanadziwe kulemba dzina lake. Nditasiya sukulu, amalume anandipezera ntchito yosamalira pabwalo kwa mayi Asiyatu ku Chipoka. Inali nthawi ya masika, mvula itangokata.

Tsiku loyamba mayi anandionetsa chitsamba chaminga chotsamira khonde, cha timaluwa topyapyala ngati pepala.

"Iyi ndi boganiviliya. Mwezi wamawa mwana wanga Zainabu akukwatiwa, zithunzi tidzajambulira pompano. Uyisamale bwino."

"Chabwino, mayi." (Kufunsa kasamalidwe kake ndinaopa, angandiyese mbuli n'kundibweza kumudzi.)

Mlimi wa mpunga amadziwa chikondi chimodzi: madzi. Ndinakumba kadambo kuzungulira tsinde. M'mawa ndowa, madzulo ndowa. Timaluwa tinayamba kuyoyoka. Ndinati ndi njala, ndinathira zitosi za nkhuku. Chitsamba chinakondwa ndithu: masamba biriwiri, minga ngati misomali, koma duwa ngakhale limodzi ayi. Mayi sanaone, anali ku Lilongwe kogula za ukwati.

Ukwati uli mawa, ndinazindikira kuti mpanda wa a Chikuse, oyandikana nafe, unali psuu ndi maluwa omwewo, chonsecho palibe ankauthirira. (Wanzeru akanatolapo phunziro. Ine ndinatola chikwanje ndi luzi.)

M'mamawa wa tsiku la ukwati ndinadula nthambi za eni ake n'kuzimangirira pa chitsamba chathu. Zinakongola, osanama. Koma dzuwa la ku Salima silisunga chinsinsi. Alendo asanafike n'komwe, maluwa anali atafota ngati bonongwe wa dzulo. Ndinakwawira mkati kuti ndimasule luzi. Minga inagwira malaya. Nditati ndibwerere, inagwira thalauza, kumbuyo kwenikweniko.

Anandipeza momwemo ndi mayi pamodzi ndi azakhali a mkwatibwi.

"Iwe! Ukutani mmenemo?"

"Ndikusamala maluwa, mayi."

"Mlekeni, alamu," anatero azakhali aja, misozi ya kuseka ili mbwe. "Taikani mpando, tijambule ameneyu kaye."

Ananditulutsa ndi sizasi, theka la thalauza n'kutsala m'minga. Mayi anayang'ana matope a patsinde paja nthawi yaitali.

"Mwanawe, chimenechi chimachita maluwa chikamva ludzu. Pakamwa unapasiya kumudzi?"

Ndinakagwada kwa a Chikuse nditadzimangirira chitenje cha azakhali. Anandikhululukira, ndipo zithunzi zinajambulidwa pampanda wawo. Ntchito sanandichotse, ndipo masiku ano ndimafunsa ngakhale posesa pomwe.

Koma chithunzi chachikulu anachipachika pabalaza. Pamwamba pa phewa la Zainabu pakuoneka chibowo chomwe ndinadula, ndipo mlendo aliyense amafunsa ngati panadya mbuzi.

"Eya, mbuzi," amayankha mayi mofatsa. "Ndi iyo ikubwera ndi tiyiyo."