Pilo Wanga pa Mimba ya Misozi

Zinayambira m'bafa. Ndikuchapa matewera kuseri, ndinamva atate ake Tamara akulankhula okha uku akudzithira madzi: "Misozi, usalire. Mwanayo ndi wanga, sindingamukane." Sopo anandipulumuka m'manja. Ine dzina langa si Misozi, ndipo mwana wanga womaliza anali atabadwa kale, ali kumsana.

Amuna angawa m'mawa amanyamula anthu panjinga ku Kapata, masana amapita kusekondale kumene anabwerera atakula. Ine ndinalekezera Giledi 7 kwathu ku Kasenengwa. Nditawafunsa za Misoziyo anangoseka. "Amake Tamara, limenelo ndi phunziro la zisudzo, lili ndi mayeso ake." Mayeso ovomera mimba? (Sukulu sindinapite nayo patali, koma mayeso otero sindinawamvepo.) Atate anga nawonso ankaseka chonchi, mpaka anakakhala kwa mkazi wodziwa Chingelezi, ife asanu n'kukulira kwa amalume. Ana anga ayi.

Lachitatu ndinapeza chitenje changa cha paukwati mulibe m'sutikesi. Pabedi, pilo wanganso palibe. Pilo! Munthu amakatani ndi pilo kusukulu? Ndinabereka Dalitso, Tamara kudzanja, makadi a kusikelo m'chikwama (ndinkati ngati n'kuthamangitsidwa, ndichokere komweko), ulendo wapansi, dzuwa lili paliwombo.

Nditafika, ndinasuzumira pawindo la holo ya sukulu. Mtsikana wosalala, tsitsi la kusaluni, mimba ili uko, wavala chitenje changa. Amuna anga agwada, akusisita mimbayo. Munthu amene ine sanandigwadirepo ngakhale tsiku la chinkhoswe! Kutsogolo kunakhala Madamu, mphunzitsi wawo, ndi abambo awiri a mataye, akulemba pamapepala. Ndinati basi, ankhoswe ndi amenewa, ukwati akulembetsa lero.

Mmene ndinalowera sindikumbuka. Ndinangozindikira ndili pakati pa holo, Dalitso akulira kumsana.

"Vula chitenje changa, iwe! Amuna watenga, ukufunanso chitenje?"

Ndinakoka ndi mphamvu zonse. Mimba ija inagwa pansi, phi! Pilo wanga, ndi banga la mkodzo wa Dalitso pakona pake.

Kenako Tamara anathamanga n'kumukumbatira. "Amama, pilo wathu uyu!" Ana a sukulu anagubuduzika pansi ndi kuseka. Mmodzi wa a mataye aja anavula magalasi n'kufunsa Madamu, "Awanso ali m'seweroli? Aposa onse."

"Ayi bwana, awa ndi akazi awo enieni."

Mtsikana uja anali akulira zenizeni tsopano, atagwira siketi ya yunifomu. "Anti, ndi mayeso awa, akutipatsa mamakisi." Amuna anga, ali chigwadire, anangoti chapansipansi, "Amake Tamara, mwandipha."

Mwamwayi anawalola kuyambiranso. Ine ndinagwadira Madamu kupepesa, ndinam'bwezera mwana wa eni chitenje, ndipo ndinakakhala kumbuyo, nkhope ili m'manja, mpaka sewero linatha. Pobwerera amuna anga anandikweza panjinga ndi ana onse mpaka kunyumba. Mpaka lero azimayi a pampopi akandiona amagwira pamimba n'kumafunsa ngati pilo anachira bwino.

Ndavomera, zisudzo ndi phunzirodi. Koma kugwada kuja ndinakuona ndi maso angawa, ndipo kunakoma mopitirira mayeso. Seweroli akupitiriza nalo, akuti adzapita nalo kumpikisano. Ndiye Lachitatu lililonse pilo ndimanyamula ndine. Ndimam'manga ndekha mtsikanayo pamimba, akamaliza ndimamasulanso ndekha, kuti ndione ngati pansi pake sipakumera china. Ndimakhala pabenchi yakutsogolo, ana onse awiri pamiyendo, ndipo Tamara ndam'phunzitsa: atate akangogwada, aziitana mokweza kuti holo yonse imve, "Atate!"