Mchira wa Kandege ka Alamu Anga

Amene akuti ndi bodza apite pa msika wa Domwe, kuseri kwa ogulitsa kachewere, akaone ngati chikwangwani changa chinazulidwa. Chilipo. Palembedwa kuti MEKANIKU WA ZONSE, ndipo ndinalemba ndekha ndi penti wotsala pa ngolo, ine amene ndinalekezera kalase yachinayi.

Chikwangwanicho chinkawapweteka mtima alamu anga a Fulujensiyo, apulofesoli ophunzitsa sukulu ku Ulongwe, amene anakwatira mlongo wanga. Ankati munthu wopanda dipuloma asamadzitche mekaniku. Tsiku lina la msika anatsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, atanyamula kandege kamene anagula ku Tete, elikoputeru yaing'ono ngati nkhuku, youlutsa ndi komando, kabokosi ka mabatani kogwira m'manja. Anati, "Alamu, mchira wake sukumvera. Mukakonza, ndikutchani mekaniku pamaso pa anthu onsewa. Dzuwa likalowa musanakonze, chikwangwani tizula." Ndinavomera. Anthu anamva.

Ndinati kaulutseni ndione. Anakafungatira pachifuwa ngati khanda, poti chinthu chodula sichikhala pa dothi la Domwe, analumikiza bateriya kali m'manja momwemo uku akukagwedeza, kenako anakakhazika pa mpango n'kukankha komando. Mukumva? Kanadzuka, mutu kuno mchira uko, kuzungulira ngati kamvulumvulu, mphepo yake inavula zipewa msika wonse, inapeta nyemba za amayi asanu ndi awiri mankhusu n'kukagwera ku Dedza, kenako kanatsikira m'munda wa kuseri kakuzungulirabe, kanakumba kachewere mizere khumi n'kumuunjika milu, wamkulu payekha wamng'ono payekha, n'kuboola pansi mpaka madzi anatumphuka, ndipo chitsimecho anthu akutungabe, pitani mukamwe.

Ine sindinadabwe. Ndinakavuula ndi nsungwi, ndinakapukuta. Nkhani yake njapafupi, ngakhale kuti alamu ndi mabuku awo onse sankaidziwa. Mapiko a pamwamba akamazungulira, thupi limafuna kuzungulira chobwerera, ndiye kaphiko ka kumchira kamakankha mphepo cham'mbali kuti thupilo likhazikike. Mchira ukagona pa ntchito, zonse zapenga.

Ndinayambira pa kaphikoko. Kanali kozondoka. Alamu anali atakachotsa kukatsuka ndi sopo n'kukabwezera mbali yolakwika, munthu wa dipuloma ameneyo. Ndinakatembenuza, ndinamanga palafuzo yake, kamsomali kopota kochepa kuposa nsabwe, ndi chikhadabo. Alamu anafungatira, analumikiza, kanauluka. Kanazungulirabe, kungoti mwapang'onopang'ono tsopano, ngati munthu wofunafuna nsapato yake. Ndinayang'ana timawaya ta kamotolo ka kumchira, kamodzi kanali katatsala pang'ono kuduka, ndinakawotcherera. Ndinamasula ulusi umene unakulungika pa kachitsulo kozunguza kaphiko, ndipo ulusiwo, mukumva, titautambasula unafika ku Lifidzi n'kutsalako wosokera malaya. Ndinawongola ndodo ya mchira nditatsinzina diso limodzi. Nthawi iliyonse alamu kufungatira, kugwedeza, kulumikiza. Nthawi iliyonse kandege kutembenuka kukayang'ana kumene kachokera.

Dzuwa linapendeka. Alamu anandisiyira kandegeko n'kupita kukabwereka khasu.

Ndinakaika pansi, pa dothi lenileni, popanda mpango. Ndinalumikiza bateriya kali pomwepo, sindinakakhudzenso. Kagetsi kake kanaphethira kenako n'kukhazikika. Ndinakankha komando. Kanakwera chilili, mchira osagwedera ngakhale pang'ono, kanaima m'mwamba duu mpaka namzeze anatera pamchirapo n'kuyamba kumanga chisa, mayi wina anaponyapo chitenje kuti chiume, ndipo nditakatumiza kumpoto kanayenda mzere wowongoka moti alimi a kumeneko mpaka lero amalima mizere potsata m'mene kanadutsamo, ndikulumbira pa manda a bambo anga.

Alamu anafika ndi khasu paphewa. Ndinawauza kuti m'kati muli kabongo kamene kamaphunzira kukhala chete pa nthawi imene mwakadzutsa. Mukakadzutsa mukukagwedeza ngati mwana wolira, kamayesa kuti kuzungulira ndiye kukhala chete. Anatsitsa khasu. Anati, "Mekaniku," cham'munsimunsi. Ndinati ogulitsa kachewere sanamve. Anabwereza.

Anthu amati ndinadziwa bwanji za kabongoko popanda sukulu. Ndimawayankha kuti manja. Koma poti mwawerenga mpaka pano, ndikuuzani. Kabongoko ndinakaganizira kandege kali kale m'mwamba. Pansi ndinakaika kuti manja apeze mpata wozula chikwangwani ndekha, khasu la alamu lisachikhudze, ndipo bateriya ndinalumikiza kuti kauluke kakagwere kutali, ndisadzakaonenso.

Zimenezo pa chikwangwani sizinalembedwe. Pitani mukawerenge zimene zinalembedwa.