Tsiku Limene Ndinadyetsa Dera Lonse Mbuzi ya Eni Ake

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindine wakuba. Ndikunena izi poyambirira chifukwa mukafika ku Mzimba boma n'kufunsa za ine, pali anthu ena, akuluakulu ndithu a imvi zawo, amene ayamba ndi kuseka kenako n'kukuuzani nkhaniyi mokhotetsa. Bola muimve kwa mwini wakene.

Ndinafika ku Mzimba nditasamutsidwa pa ntchito kuchokera ku Dedza. Tinapeza nyumba ya lendi kumapuloti atsopano, kumtunda kwa tauni, kumene nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku koma msewu wake mvula ikagwa umasanduka mtsinje. Derali lili ndi bungwe la anthu okhalamo, eni nyumba ndi alendi omwe, ndipo limakumana mwezi ndi mwezi pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mjigo. Wapampando wake ndi mayi NyaJere, mayi wamfupi woyankhula mosathamanga, koma akangokweza chala ngakhale amuna a ndevu amameza mawu awo.

Misonkhanoyi inkayenda m'Chitumbuka, Chichewa n'kumalowererapo apo ndi apo pofuna kuthandiza ife obwera. Ine sindinkafuna kuoneka mlendo. Ndinali nditatola mawu angapo, yewo (zikomo), chomene (kwambiri) ndi mbwenu (basi), ndipo ndinkawawaza paliponse ngati mchere. Munthu akayankhula nthawi yaitali, ine ndinkangogwedeza mutu n'kuti, "Yewo chomene." Posakhalitsa mbiri inafala yoti bambo wa ku Dedza uja wachigwira msanga chiyankhulo. (Mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa kuti m'mutumu munalibe kanthu.)

Kuseri kwa nyumba ndinali ndi kadimba ka mpiru ndi tomato. Ndinkakathirira m'mawa ndisanapite ku ntchito, mbuzi za anthu n'kumabwera masana kudzakolola. Zitandikwana, ndinaimirira pa msonkhano wina n'kuyankhula. Abale, ndinayankhula! Ndinati tauni si kumudzi, ndinati chitukuko chimayambira pa mwambo, ndinati mbuzi yoyendayenda ndi chizindikiro cha mwini wake woyendayenda. Anthu anaomba m'manja. Pomwepo tinagwirizana lamulo: chiweto chopezeka m'dimba la munthu chizimangidwa pa mtengo wa mango mpaka mwini wake adzapepese pamaso pa anthu. Ndipo poti ndinali nditaonetsa moto, anandisankha kukhala woyang'anira ziweto zoyendayenda.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati nduna. Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Tadala, inu chibadwire munaigwirapo mbuzi?"

"Udindo umafuna nzeru, mayi, osati kuthamanga."

"Chabwino. Tiona nzeruzo."

Chodabwitsa, kuchokera tsiku limenelo mbuzi zinaleka kubwera, ngati nazonso zinali pa msonkhano. Ndinagula chingwe chatsopano, ndinkazungulira dera madzulo aliwonse chingwecho chili paphewa, koma osakumana ndi kanthu. Udindo wopanda wolakwa umawawa, ndikuuzeni.

Kenako linafika Loweruka la chitukuko, tsiku limene bungwe linakonza kuti tonse tikakwirire maenje a mumsewu mvula isanayambe. M'mawa umenewo nditatuluka ndi khasu, ndinaiona. Mbuzi yonenepa, yofiirira, ya banga loyera m'mbali, kachidutswa ka chingwe kakulendewera m'khosi, itaima pakati pa mpiru wanga ikutafuna mosatekeseka ngati yalipira.

Za mmene ndinaigwirira sindifotokoza zonse, ulemu wanga ndi wochepa kale. Mungodziwa kuti tinazungulira nyumba, ndinagwa pa tomato wanga yemwe, ndinadzuka, ndinagwanso mu ngalande ya madzi a kubafa, ndipo potsiriza ndinaigwira mwendo wakumbuyo iyo n'kundikoka chamimba mpaka pa mpanda. Mkazi wanga anali pakhonde, atagwira chitenje kukamwa, mapewa akugwedezeka. Sanandithandize.

Ndinaikoka mpaka ku mtengo wa mango. Kumeneko amuna anali atasonkhana kale ndi makasu, mafosholo ndi mawilibala. Mayi NyaJere kunalibe. Anali atatumiza uthenga kuti achedwa chifukwa akukonza pakhomo, mawa lake kubwera alendo. Ntchito ankaitsogolera a Shaba, bambo wamtali amene kale ankacheka matabwa ku Luwawa. Atandiona ndikubwera ndi mbuzi, onse anasiya zida n'kuyamba kuomba m'manja. Ine mumtima ndinati, onani, anthu akuyamikira lamulo.

"Adada, mwatichitira chinthu chikulu," anatero a Shaba m'Chichewa chawo chokoka Chitumbuka.

"Ndi udindo wanga basi," ndinayankha modzichepetsa kwabodza. "Ndinalonjeza kutumikira dera lino."

A Shaba anaisisita mbuziyo pamsana, anaitsina m'nthiti, n'kuyankhula Chitumbuka chachitali kwa anzawo. Onse anavomera mokondwa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Sono tikome?"

Ine ndinangomva mawu oti kukoma. Ndinati akuluwa akucheza za mmene nyama yake ingakomere.

"Iyi? Kukoma kwake musanene. Taonani mafutawo!"

"Tikome sonosono, adada?"

"Chomene!" ndinatero, ndikumwetulira. Ndipo pofuna kuti aone kuti chiyankhulo ndimachitha, ndinawonjezera, "Mbwenu!"

(Inu odziwa Chitumbuka mwagwira kale pakamwa. Enanu dikirani, inenso ndinadikira.)

Ndinaimangirira pa mtengo, ndinalandira wilibala, ndipo ananditumiza ndi gulu lokakumba miyala kumunsi, kutali ndithu ndi mjigo. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa linafika paliwombo. Pobwerera, tisanafike n'komwe, fungo linatichingamira. Fungo la nyama yootcha, lija limachititsa munthu kuiwala kuti watopa.

Nditayang'ana pa mtengo, mbuzi panalibe. Chingwe changa chinali pansi, chitapindidwa bwinobwino. Ndinapsa mtima. Ndinati mwini wake wabwera mwakachetechete, waimasula, wathawa kupepesa. Ndinayamba kale kukonza m'mutu mawu oti ndidzanene pa msonkhano wotsatira. Koma ndisanatsegule pakamwa, a Shaba anandigwira dzanja n'kundikhazika pa mpando, mpando umodzi wokha umene unalipo, ena onse atakhala pa njerwa. Anandipatsa mbale ya chiwindi, mchere ndi tsabola pambali.

Munthu wanzeru akanafunsa. Ine ndinadya. Ndinanyambita zala, ndinapemphanso china.

"Koma nyamayi yakoma!" ndinatero.

"Yayi, takoma ndise," anayankha bambo wina, ndipo onse anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, mokweza kuposa onse, osadziwa chimene ndikusekera.

Nthawi imeneyo ndi pamene anafika mayi NyaJere. Ndinawapatsa mpando, amuna aja anawapatsa nthiti. Anadya mwaulemu wawo, a Shaba akuwanong'oneza zinazake. Kenako anaimirira, fupa lili m'manja, n'kukweza chala chija. Bata.

"Ndiyankhula Chichewa kuti mlendo wathu amve bwino," anayamba. "Amama na adada, taonani. Munthu wabwera dzulodzuloli. Wa lendi, alibe ngakhale puloti kuno. Koma lero wapereka mbuzi yathunthu kuti ogwira ntchito adye. Inu eni nyumba, manyazi mulibe?"

Amayi amene anabwera kudzathandiza ntchito anaimba nthungululu. Ine ndinayang'ana chingwe changa chopindidwa chija. Ndinayang'ana mbale yanga. Kenako maso anga anapita okha kuseri kwa mtengo, kumene pa nthambi panali patayanikidwa chikopa chofiirira cha banga loyera. 

Apa ndiye panali poti ndiimirire n'kunena zoona. Ndinaimirira ndithu. Anthu onse akundiyang'ana mwachikondi. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Yewo chomene."

Ndinakhala pansi ndikupemphera kuti mwini mbuziyo akhale wa kutali, wa mbuzi zambirimbiri, wosadziwa kuwerenga ziweto zake.

Pemphero silinafike patali. Pasanapite nthawi anatulukira a Mhango, amuna awo a mayi NyaJere, thukuta lili kamukamu, m'manja muli chingwe choduka.

"Ndapota, abale, palibe waonako mbuzi? Yofiirira, ya banga loyera apa. Yadula chingwe m'mawa. Ndazungulira mpaka kumsika."

Kenako anayang'ana akazi awo. "Ija ya alendo ija, amama. Yasowa."

Ndinadzamva pambuyo pake kuti mbuziyo anakaigula ku Manyamula, ndipo alendowo anali ochokera ku Embangweni, akubwera kudzakamba za ukwati wa mwana wamkazi woyamba wa a Mhango.  Koma panthawiyo mayi NyaJere anangoyang'ana fupa limene linali m'manja mwawo. Anayang'ana chikopa. Kenako anayang'ana ine. Munthu wina amene anali akutafuna analeka, nyama ili m'kamwa.

"Adada," anatero mofatsa kwambiri, "mbuzi yanu ija munaigula kuti?"

Ndinaulula zonse. Ndinati sindinaigule, ndinaigwira m'dimba, ndinabwera nayo kuti imangidwe monga mwa lamulo, ndipo za kuipha ine sindikudziwapo kanthu.

A Shaba analumpha. "Yayi! Yayi, adada! Ndinakufunsani pamaso pa anthu. Ndinati tikome? Munati chomene. Ndinabwerezanso. Munati mbwenu!"

"Inde, ndinati ikoma. Nanga siinakome?"

 Kenako mphunzitsi wina wamkazi, wobwera ngati ine koma wokhalitsa, anagwira mutu.

"Achimwene, kuno kukoma ndi kupha."

Chiseko chimene chinaphulika pamenepo sindidzachiiwala. Bambo wina anagwa pa njerwa chagada. A Mhango, eni mbuzi, anayesa kukwiya koma milomo inawakanika. Amene sanaseke ndi mayi NyaJere okha. Anadikira phokoso lithe, chala chili m'mwamba.

"Mlandu uwu uli pawiri," anatero. "Mbuzi yane yadya mpiru wa eni. Lamulo likuti mwini apepese pamaso pa anthu. Mwini ndine. Pepani, adada." Anawerama pang'ono, ine n'kumalakalaka nthaka itang'ambika. "Sono lamulo lathu linati kumanga. Za kuotcha tinagwirizana liti?"

Anatsitsa chala n'kupitiriza.

"Tadya tonse, na ine wuwo ndadya, ndipo inali yabwino. Aliyense aponyepo kangachepe tigule ina. Koma kukaitenga ndi ntchito ya woyang'anira ziweto. Alendo akufika mawa tikaweruka ku tchalitchi. Asapeze nkhuku."

Ndi mmene zinakhalira kuti Lamulungu m'mamawa, anzanga akusita malaya opita nawo kokapemphera, ine ndinali pa njinga yobwereka ya a Mhango, ulendo wa ku Manyamula. Kupita kunalibe vuto. Kubwerera ndiye ndinadziwa kuti mbuzi ija ili ndi abale. Anandimangirira ina pakaliyala, miyendo pamodzi, ndipo inalira njira yonse ngati ikuitana mboni. Pachitunda ndinkatsika n'kumakankha, iyo n'kumandiyang'ana m'maso. Potsetsereka inkagwedezeka dala kuti tigwere limodzi. Chapakati pa ulendo ndinamva kutentha kumsana, ndinati ndi thukuta, koma fungo linandiuza zina. Anthu a m'njira ankandifunsa mafunso m'Chitumbuka. Tsiku limenelo sindinayankhe aliyense. Ndinkangokweza dzanja ngati wodwala mano.

Ndinafika alendo atakhala kale pabalaza. Anandilowetsa cha kuseri, kudzera pa mpanda. Mayi NyaJere anaiyendera mbuziyo, anaikweza khutu, anavomera ndi mutu. Atandiyang'ana ine, fumbi mpaka m'nsidze, malaya atamata kumsana, ndi pamene anaseka. Anaseka mpaka kukhala pa mtondo.

"Mumve, adada," anatero akupukuta misozi. "Chakudya chikakhala bwino, kuno timati chanowa. Kukoma muwasiyire a Shaba."

Ukwati unatheka, ndipo anandiitana. Pa msonkhano wotsatira ndinapempha kutula pansi udindo, koma anakana onse, ati dera silinakhalepo ndi woyang'anira ziweto wodyetsa anthu chonchi. Ndinalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti kuyambira pamenepo ndikapanda kumva ndizifunsa, ngakhale ndioneke mbuli.

Ndinasunga lumbirolo miyezi ingapo ndithu. Koma pa msonkhano wa mwezi uno maganizo anali kwina, ndipo ndinadzidzimuka a Mhango atamaliza kuyankhula Chitumbuka chachitali, anthu onse atatembenukira kwa ine, akudikira. Manyazi anandigwira. Ndinagwedeza mutu, mawu aja a yewo chomene n'kutuluka okha. Amayi anaimba nthungululu, a Shaba anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Mpaka pano sindikudziwa chimene ndinavomera. Kungoti dzulo pobwera ku ntchito ndinapeza amuna awiri akuyeza bwalo la nyumba yanga ndi mapazi, ndipo mkazi wanga akuti m'mawa kunabwera ngolo kudzatsitsa mabenchi.